Dzala la Darassa ku Cairo: Mmene Linakonzedwera ndi Mafunso a Fiqh Amene Malo Otere Amadzutsa

Wophunzira amene ali ku al-Azhar masiku ano, akatuluka mumzikiti wakalewo n'kulunjika kum'mawa, sayenda nthawi yaitali asanakumane ndi khoma lalitali la miyala yosema. Kuseri kwa khomalo kuli chitunda cha kapinga, mitengo ya kanjedza, maluwa ndi madzi oyenda m'tingalande ta miyala. Malowa amatchedwa al-Azhar Park, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 30. Mashehe amene anaphunzira ku Cairo m'zaka za m'ma 1980 sanaone kapinga ameneyu, ndipo khomalo linali lokwiririka pafupifupi lonse. Chimene anaona ndi phiri lotuwa la fumbi ndi zinyalala lotchedwa Darassa, kumene mzindawo unakhala ukutaya zotsalira zake kwa zaka zoposa 500.

Nkhani ya phiri limeneli ndi ya mbiri, koma imagweranso m'makomo angapo a fiqh. Dzala likangotsekedwa, mafunso amayamba pomwepo: malowa ndi a yani tsopano, kodi ndi oyera, tingaswalirepo, tingadye zomera pamenepo, ndipo amene wadwala nawo akadandaule kwa yani?

Mmene phirilo linakulira

Mzinda wa al-Qahira unakhazikitsidwa mu 969 ndi Jawhar al-Siqilli, mkulu wa asilikali a mafumu a Fatimi, ndipo mzikiti wa al-Azhar unayamba kumangidwa chaka chotsatira. Ufumu wa Fatimi unatha mu 1171 m'manja mwa Salah al-Din al-Ayyubi. Iyeyu, pokhala munthu woyembekezera nkhondo tsiku lililonse, mu 1176 analamula kuti pamangidwe linga limodzi lalikulu lozinga al-Qahira, mzinda wakale wa Fustat ndi nyumba yachitetezo ya paphiri. Ntchitoyo anaipereka kwa nduna yake Baha al-Din Qaraqush. Chigawo cha kum'mawa cha lingalo, chokhala ndi nsanja zake ndi zipata monga Bab al-Barqiyya ndi Bab al-Mahruq, ndicho chikutikhudza pano.

Adani amene lingalo linkadikira sanafike pazipata zimenezi. Ankhondo a Mtanda sanadzazingenso Cairo, ndipo a Mongol anabwezedwa ku Ayn Jalut mu 1260. Mzinda unakula kulowera kumwera ndi kumadzulo, kumbali ya mtsinje wa Nile, pamene kum'mawa kunatsala chipululu ndi manda. Linga losowa nkhondo linapeza ntchito ina: linakhala malire a pakati pa kumene anthu amagona ndi kumene amataya. Nyumba ikagwa, zidutswa zake ankazisenzetsa abulu kupita nazo kuseri kwa khoma. Phulusa la m'ng'anjo zotenthetsera madzi osamba, mapale a miphika, mafupa a kophera nyama, ndowe ndi zosesa za m'misika zinkalowera komweko. Al-Maqrizi, wolemba mbiri ya Cairo amene anamwalira mu 1442, anatchula kale milu ya ku Barqiyya m'buku lake la al-Khitat. M'nthawi ya mafumu omaliza a Mamluk ndi ya ulamuliro wa Ottoman, umene unayamba mu 1517, miluyo inapitiriza kukwera mpaka inameza lingalo.

Chochititsa chidwi n'chakuti Cairo sunali mzinda wopanda malamulo a ukhondo. Unali ndi muhtasib, mkulu woyang'anira misika ndi misewu, ndipo al-Maqrizi mwini wakeyo anagwirapo ntchito imeneyi. Mabuku a hisba, monga la al-Shayzari ndi la Ibn al-Ukhuwwa amene anamwalira mu 1329, amaletsa kutaya zinyalala mumsewu, kutulutsira madzi akuda m'njira zopapatiza, ndi kuphera nyama pakhomo la sitolo magazi n'kumayenderera podutsa anthu. Imam al-Ghazali naye anawerengera zimenezi m'gulu la zoipa za m'misewu, mpaka anatchula makoko a mavwende amene amagwetsa odutsa. Koma taonani pamene malamulowo ankathera: pachipata cha mzinda. Ankauza munthu kumene sayenera kutaya, osanenapo kanthu za tsiku limene dzala la mzinda wonse lidzadzaze. Apa sitikudzudzula maulama aja. Zinyalala za nthawi yawo zinali zoola kapena zobwerera kudothi, ndipo chipululu chinkaoneka ngati sichidzatha.

Malole 80,000

Mu 1984 ku Cairo kunachitika msonkhano wa akatswiri a zomangamanga wokambirana za kukula kwa mzindawo. Aga Khan wachinayi, mtsogoleri wa Ashia a Ismaili amene mzera wa makolo ake umadutsa mwa mafumu a Fatimi, analonjeza kupatsa mzindawo munda waukulu wopumulamo anthu. Malo aakulu opanda nyumba pafupi ndi mzinda wakale anali a Darassa okha basi. Ntchito sinayambe msanga, chifukwa boma linali litasankha malo omwewo kuti limangepo matanki atatu a madzi akumwa, lililonse la mamita 80 m'mimba mwake. Mapulani anasinthidwa kuti matankiwo abisike pansi pa mundawo, ndipo kufukula kwenikweni kunachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, motsogoleredwa ndi bungwe la Aga Khan Trust for Culture.

Mavuto aakulu anali awiri. Loyamba, phirilo silinali nthaka yokhazikika. Linali zinthu zounjikana mwachisawawa, zolimba apa, zofewa apo, ndipo zikanyowa zinkatitimira. Lachiwiri, dothi lake linali la mchere wambiri moti mbewu zambiri zikanapserera. Mainjiniya anasuntha dothi ndi zidutswa zokwana makyubiki mita pafupifupi 1.5 miliyoni, zomwe ndi malole oposa 80,000. Zina anazichotseratu pamalopo, zina anakwirira nazo maenje, zina anazisefa n'kuzisakaniza ndi mchenga ndi dothi labwino lochokera kwina. Mapiri otsetsereka kwambiri anawagonetsa n'kuwatsendera. Pansi pa dothi lodzalamo anayalapo dongo ndi mipope yochotsa madzi, kuti madzi othirira asalowe m'zinyalala zakale n'kugwetsa zonse, ndiponso kuti mchere usakwere kumizu. Mitengo sanangoigula n'kudzala. Anatsegula nazale, nayesa mitundu yosiyanasiyana kwa zaka zingapo kuti aone imene ingapirire dothi lotere, ndipo pomaliza anadzala mbewu zoposa 650,000.

Pogonetsa mbali ya kumadzulo ya phirilo ndi pamene linga la Salah al-Din linatulukira, lotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, malo ena litakwiririka mamita 15. Zinyalala zimene zinalichititsa manyazi n'zimenenso zinalisunga: miyala imene inali poyera anthu anakhala akuigumula n'kumangira nyumba zawo, pamene yokwiririka inapezeka ili m'malo mwake, nsanja ndi timazenera toponyera mivi zili bwinobwino. Kutulukira kwa lingalo kunakoka ntchito yonse kuloza kudera la al-Darb al-Ahmar, limodzi la madera osauka a mzindawo, lomwe nyumba zake zinatsamira pakhomalo. Achinyamata a m'deralo anaphunzitsidwa kusema miyala ndi ukalipentala, nyumba zina zinakonzedwa, ndipo nyumba zakale monga madrasa ya Umm al-Sultan Sha'ban, ya Khayrbak ndi mzikiti wa Aqsunqur zinabwezeretsedwa. Mundawo unatsegulidwa mwamwambo mu Marichi 2005, utadya ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni a ku America. Kulowamo n'kolipira, ndipo ndalamazo zimathandiza kusamalira malowo. Ena amaona kuti chipata cholipiritsa chimatsekereza osauka omwe anapuma fumbi la Darassa kwa mibadwo. Dandaulo limeneli silopanda pake, ngakhale n'zoonanso kuti munda wopanda thumba lousamalira sutenga zaka zambiri usanabwerere kukhala dzala.

Dzala lakufa ndi dzala lamoyo

Tisanyengeke ndi kukongola kwa nkhaniyi. Darassa linali dzala lakufa. Zoola zake zambiri zinali zitaola kalekale, ndipo chotsala chinali fumbi, phulusa ndi mapale. Mtaya wa mzinda wa masiku ano, monga wa Mzedi ku Blantyre kapena wa ku Area 38 ku Lilongwe, ndi wamoyo, ndipo kuukonza ndi ntchito ya mtundu wina.

M'kati mwa mulu wa zinyalala mulibe mpweya wabwino. Zotsala za chakudya, mapepala ndi masamba zikamaola m'malo otere zimatulutsa mpweya umene pafupifupi theka lake ndi methane. Mpweya umenewu umayaka, ndipo ukasakanikirana ndi mpweya wamba pa mlingo wa pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 aliwonse, kamoto kakang'ono kamakwanira kuuphulitsa. N'chifukwa chake mitaya imafuka utsi chaka chonse popanda woiyatsa. Mvula ikagwa pamuluwo, madzi amatsika akusungunula zonse zimene akukumana nazo, n'kutuluka pansi ali akuda, onunkha, odzaza mchere, tizilombo ta matenda ndi zitsulo za poizoni zochokera m'mabatire, penti ndi zipangizo zamagetsi. Akatswiri amawatcha leachate. Pamtaya wosasamalidwa palibe chotchinga pansi, choncho madziwa amalowa m'nthaka n'kukapezeka m'zitsime, m'mijigo ndi m'madambo. Ndiye pali kulemera kwa mulu weniweniwo. Mulu wonyowa, wotalika, wokhala ndi mpweya wopanikizika m'kati, ukhoza kugumuka ngati phiri la matope. Mu Epulo 1993 dzala la Ümraniye ku Istanbul linaphulika n'kukwirira nyumba, anthu 39 n'kufa. Mu Julayi 2000 la Payatas ku Philippines linapha anthu oposa 200. Mu Marichi 2017 la Koshe ku Addis Ababa linapha oposa 110, ndipo chaka chotsatira, mu Febuluwale, la Hulene ku Maputo linagumukira nyumba za anthu mvula itagwa usiku. Malo onsewa amene anafa anali osauka omanga m'mphepete mwa dzala.

Kukonza mtaya wotere kumayamba ndi chinthu chooneka chophweka koma chovuta kuposa zonse: kusiya kutayapo. Izi sizitheka ngati mzinda ulibe malo ena okonzedwa bwino, chifukwa malole sasiya kubwera. Kenako amazimitsa moto wa pansi poukwirira ndi dothi, osati pouthira madzi ambiri, popeza madziwo amangoonjezera leachate ndi kufewetsa mulu. Amagonetsa mbali zotsetsereka, kawirikawiri mpaka kukwera mita imodzi pa mamita atatu alionse, n'kuzidula masitepe. Amakumba ngalande zopatutsa madzi a mvula kuti asalowe m'zinyalala, ndi zina zosonkhanitsa madzi akuda kupita nawo m'maiwe owayeretsera. Amazika mipope yotulutsa mpweya, umene amautentha pamwamba kapena kupangira magetsi ngati ulipo wokwanira. Pamapeto amavindikira mulu wonse ndi dongo lotsendereka, mwina ndi chipepala cholimba cha pulasitiki, kenako miyala yodutsa madzi, dothi lachonde ndi udzu wa mizu yosazama. Mtengo wa mizu yaitali umaboola chivindikirocho, choncho sudzalidwa paliponse.

Kwa mizinda yosauka pali njira imene inayambira ku Fukuoka m'dziko la Japan m'zaka za m'ma 1970. M'malo motseka mulu kuti mpweya usalowe, amaika mipope yobooka pansi ndi ina yoimirira, kuti kutentha kwa m'kati kuzikoka mpweya wakunja. Zinyalala zimaola msanga, methane amachepa, ndipo madzi otuluka sakhala oipa kwambiri. Zipangizo zake zikhoza kukhala migolo yakale, nsungwi ndi miyala. Njirayi anaigwiritsa ntchito ku Koshe ngozi ija itachitika. Koma njira iliyonse imene yatsatidwa, ntchito siitha tsiku limene udzu wamera. Mulu umapitiriza kutitimira ndi kutulutsa mpweya kwa zaka zambiri, ndipo malamulo a ku America amafuna kuti dzala lotsekedwa liziyang'aniridwa kwa zaka 30.

Malowa ndi a yani?

Wophunzira wachangu anganene kuti dzala ndi mawat, nthaka yakufa yopanda mwini, ndipo amene waiukitsa imakhala yake. Khomo la ihya al-mawat timalidziwa, pamodzi ndi kusiyana kwa maimamu pa chilolezo. Abu Hanifa anati kuukitsa sikupatsa umwini popanda chilolezo cha wolamulira. Ophunzira ake Abu Yusuf ndi Muhammad, pamodzi ndi al-Shafi'i ndi Ahmad, anati chilolezo sichofunika. Malik anasiyanitsa malo oyandikana ndi mudzi ndi malo akutali. Koma dzala la mudzi silifika n'komwe pamtsutso umenewu. Maulama analiika m'gulu la harim, kutanthauza malo ozungulira mudzi amene moyo wa mudziwo umadalira, monga njira, bwalo, podyera ziweto ndi poyenda madzi a mvula. Imam al-Nawawi mu Minhaj anatchula potayira phulusa pakati pa zinthu za harim ya mudzi, ndipo Ibn Qudama mu al-Mughni anatchula potayira zinyalala, nanena kuti malo otere munthu sangawatenge powaukitsa.

Mfundo imeneyi ili ndi mano. Dzala likakonzedwa, malo amene dzulo aliyense ankawalavulira amakwera mtengo, ndipo achuma amabwera ndi mapepala. Mwa fiqh malowo sanasiye kukhala a anthu onse. Wolamulira akhoza kusintha ntchito yake, koma mphamvu zake pa chuma cha onse zimamangika pa ubwino wa anthuwo, ndipo m'kuona kwanga oyamba kuganiziridwa ndi amene anakhala akupuma utsi wa pamenepo. Mfundoyi imalumanso mbali ina. Ngati potayira ndi gawo la harim, ndiye kuti mudzi uli ndi ufulu wokhala ndi potayira. Khonsolo imene yatseka dzala osatsegula lina sinachotse vuto, yangolimwaza m'mitsinje ndi m'makwalala.

Kodi nthaka ya dzala imayera bwanji?

Apa m'pamene mabuku athu ali ndi zambiri. Pali Hadith ya Ibn Umar, yopezeka kwa al-Tirmidhi ndi Ibn Majah, yoletsa kuswali m'malo asanu ndi awiri, ndipo potayira zinyalala ndi amodzi mwa malowo. Al-Tirmidhi mwini wake ananena kuti mzera wa oilandira si wamphamvu, komabe maulama anaigwiritsa ntchito mosiyanasiyana. A Hanbali, m'maganizo awo otchuka, amati Swala ya pamalo otere siilandiridwa. A Shafi'i ndi a Hanafi amati ndi makruh ngati munthu wayala choyera, ndipo ndi yosalandiridwa ngati wakhudza najisi. A Maliki amailola munthu akatsimikiza kuti palibe najisi. Ambiri, tsono, anaona kuti chifukwa cha chiletsocho ndi najisi imene imapezeka pamalopo, osati dzina la malowo. Chifukwa chikachoka, chiletso chimachoka nacho.

Mbiri imagwirizana ndi maganizo amenewa. Malo amene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamangapo mzikiti wa Madina anali ndi mabwinja, manda akale a opembedza mafano ndi mitengo ya kanjedza. Analamula kuti mandawo afukulidwe, mabwinja asalazidwe, mitengo idulidwe, ndipo mzikiti unamangidwa pomwepo. Olemba mbiri amasimbanso kuti Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, atalandira mzinda wa Quds anapeza malo a Thanthwe lija atasandutsidwa dzala, ndipo anayamba yekha kuwola zinyalalazo m'chovala chake anthu n'kumutsatira. Pamalo amenewo ndi pamene Abd al-Malik ibn Marwan anadzamangapo Qubbat al-Sakhra m'chaka cha 72 cha Hijra. Mbiri ya malo siiwadetsa mpaka kalekale.

Nanga kuyeretsako kumachitika motani? Ngati najisi ndi yamadzimadzi, monga mkodzo, nkhani ya munthu wa kuchipululu amene anakodza mumzikiti ndiyo maziko: anathirapo ndowa ya madzi, nkhani inatha. A Shafi'i, omwe madhhab yawo ndi imene Asilamu ambiri kuno kwathu amatsatira, amati madzi okha ndiwo amayeretsa nthaka, ndipo athiridwe mpaka agonjetse najisiyo. A Hanafi amati nthaka ikauma ndi dzuwa kapena mphepo, mtundu ndi fungo n'kuchoka, yayera moti munthu angaswalirepo, ngakhale sangachitirepo tayammum. Ibn Taymiyya anapitirira pamenepo, nati yayera pa zonse ziwiri. Koma dzala si mkodzo wa munthu mmodzi. Muli najisi yolimba, ndowe, magazi ouma, nyama zakufa, zosakanikirana ndi dothi lenilenilo. Pa najisi yotere a Shafi'i amati kuthira madzi sikuthandiza, kumangoimwaza. Njira ndi ziwiri: kuchotsa dothi lodetsedwalo, kapena kuyalapo dothi loyera lokwanira kubisa zapansizo, ndipo Swala ya pamwamba pake imalandiridwa popeza woswaliyo sakukhudza najisi. Wowerenga aona yekha kuti izi n'zimene mainjiniya anachita ku Darassa: kuchotsa zina, kuvindikira zina.

Palinso khomo la istihala, kusandulika kwa chinthu kukhala china. A Hanafi, potsatira Muhammad al-Shaybani, ndiponso a Maliki, amati najisi ikasanduka dothi kapena phulusa yayera, chifukwa chimene chinatchedwa najisi kulibenso. A Shafi'i amapanikiza khomo limeneli, n'kulisiyira zinthu zochepa monga mowa wosanduka viniga pawokha ndi chikopa chofufutidwa. Pa dzala la zaka 500 kusiyanaku kuli ndi tanthauzo: kwa Mhanafi fumbi la Darassa linali litayera lokha, pamene Mshafi'i akanafunabe dothi latsopano pamwamba. Za mbewu zomera pamanyowa a najisi kapena zothiriridwa madzi a najisi, maulama ambiri amati chipatso chake n'choyera ndi chololedwa, bola kutsuka pamene pakhudzidwa. A Hanbali, m'maganizo awo otchuka, amaletsa kufikira mbewuyo itathiriridwa madzi oyera.

Choyera chikhoza kupha

Pano pali msampha umene wophunzira wa fiqh ayenera kuuona. Twahara ndi chitetezo cha thupi si chinthu chimodzi. Batire lakale si najisi. Mtovu si najisi. Pulasitiki yopsa si najisi. Munthu akhoza kuswali atanyamula zonsezi m'thumba, Swala yake n'kulandiridwa. Koma mtovu ukalowa m'magazi a mwana umawononga ubongo wake, ndipo suola, susanduka china, dzuwa siliuchotsa ngakhale patapita zaka 100. Pamene ndowe ya ng'ombe, imene a Shafi'i amaiwerenga najisi, ikaola imakhala chakudya cha nthaka. Choncho shehe amene wafunsidwa za chimanga kapena mpiru wolimidwa pamtaya, akangoyankha ndi khomo la najisi n'kunena kuti ambiri amalola, wayankha theka la funso. Theka linalo lili m'khomo la dharar, kuvulaza, kumene lamulo la maziko ndi lakuti munthu asavulaze mnzake ndipo chovulaza chichotsedwe. Chakudya choyera chimakhala haramu chikatsimikizika kuti n'chapoizoni. Ndipo amene angatsimikize zimenezi si shehe, koma woyeza dothi ndi madzi. Maulama akale ankafunsa asing'anga pa nkhani ya wodwala amene akufuna kumasula Swaumu, ndi amisiri pa nkhani ya khoma lopendekera kumsewu. Apanso ndi chimodzimodzi.

Madzi a pachitsime choyandikana ndi dzala ali ndi vuto lomweli. Muyeso wa fiqh wa madzi ambiri ndi kusintha kwa mtundu, kukoma kapena fungo. Madzi okhala ndi zitsulo za poizoni akhoza kukhala oyera mbee, opanda fungo, oyenera wudhu m'malamulo, koma osayenera kumwa.

Za kulipira zowonongeka, mabuku amanena momveka pa munthu mmodzi. Al-Nawawi analemba kuti wotaya zinyalala kapena makoko a mavwende panjira, munthu n'kuvulala nazo, ali ndi mlandu wolipira. Wotaya pamalo oikidwira zimenezo alibe mlandu. Pamtaya wa mzinda otaya ndi anthu zikwizikwi, ndipo aliyense anataya pamene anauzidwa. Mlandu tsono umasamukira kwa amene anasankha malowo n'kulephera kuwasamala, ndipo kukonza kumachokera m'thumba la onse, monga mmene bayt al-mal inkakonzera milatho ndi ngalande. Fakitale kapena chipatala chimene chataya mankhwala ndi masirinji pamtaya wa zinyalala za m'nyumba chili pena: chataya chinthu chimene malowo sanaikidwire, choncho sichingabisale m'khamu.

Sitingadumphe anthu amene amadya za pamtaya. Chinthu chimene mwini wake wachitaya posachifunanso, wotola amaloledwa kuchitenga, ndipo kugulitsa mabotolo, zitsulo ndi makatoni otoledwa ndi malonda a halali. Ku Cairo komweko, kutsidya kwa msewu kuchokera ku al-Azhar Park, kuli dera la Manshiyat Nasr, kumene kumakhala a Zabbaleen, ambiri mwa iwo Akhristu a Coptic, amene kwa mibadwo akhala akutola zinyalala za mzindawo khomo ndi khomo n'kubwezeretsa gawo lalikulu kuti ligwirenso ntchito. Dzala likatchingidwa mpanda popanda kuwaganizira anthu otere, vuto limodzi lachotsedwa pobweretsa lina, ndipo fiqh siilola kuchotsa chovulaza ndi chovulaza chofanana nacho. Ntchito yosankha zinyalala pamalo atsopano, ndi magolovesi, nsapato ndi malipiro odziwika, iyenera kukhala m'mapulani kuyambira pachiyambi.

Funso limene limafika kawirikawiri kwa makomiti ndi la kumanga mzikiti kapena madrasa pa dzala lotsekedwa, makamaka khonsolo ikapereka malowo ulere. Kumbali ya twahara yankho taliona: n'zololedwa dothi loyera likayalidwa. Kumbali ya dharar pafunika kudekha. Mzikiti ndi nyumba yotsekeka imene anthu amaika nkhope pansi kasanu patsiku, ndipo m'madrasa ana amakhala pamkeka maola ambiri, ena n'kugona momwemo. Mpweya wa pansi umalowa m'ming'alu ya simenti n'kuunjikana m'zipinda zotseka. Maziko amasweka mulu ukamatitimira mbali imodzi. Mjigo wa madzi a wudhu sungakumbidwe pamenepo, ndipo dzenje la chimbudzi limaboola chivindikiro chimene chinadya ndalama zambiri. Manda nawo sangaikidwepo pa chifukwa chomwecho. Ku Darassa nyumba zochepa zimene zili m'mundamo zinafuna maziko apadera, chikhalirecho dzala lake linali lakufa. Pa dzala laposachedwa, m'zaka zoyambirira, choyenera ndi ntchito za pabwalo: kapinga, bwalo la mpira la ana a madrasa, kapena bwalo loswalirapo Eid, limene silifuna maziko kapena denga, limagwiritsidwa ntchito m'mawa kawiri pachaka, ndipo madzi a wudhu aliyense amachokera nawo kunyumba.